Kudzutsa DKE 38 popanda kupha VCL11 yake

Wailesi ya DKE 38, kawailesi kakale ka ku Germany koyendera mavalavu, ikakhala kuti yagona zaka zambiri m'nyumba yosungiramo katundu, chinthu choyamba chimene munthu amafuna kuchita ndi kuilumikiza kumagetsi kuti amve ngati ikulira. Musatero. Mawailesi ambiri amtunduwu safa chifukwa cha ukalamba ayi, amafa m'mphindi ziwiri zoyambirira atayatsidwa mosakonzekera. Kapasita (kachipangizo kosunga magetsi kwa kanthawi) yotsika mtengo kwambiri, imene inaola kalekale, imapha VCL11, valavu yagalasi yotola ndi kukuza mawu yomwe sikupangidwanso kulikonse, mwinanso n'kuwotcha koyilo ya sipika. Ntchito yonse yokonza wailesiyi yagona pa dongosolo: choyamba n'chiyani, chachiwiri n'chiyani, ndipo magetsi abwere pomaliza.

Dziwani kaye chimene chili patebulo panu, chifukwa mawailesi a banja limeneli amafanana dzina koma m'kati ndi osiyana. Woyamba anali VE301, amene anaonetsedwa ku Berlin mu Ogasiti 1933 ndipo ankagulidwa 76 Reichsmark, ndalama za ku Germany za nthawiyo. Anaupanga ndi injiniya Otto Griessing wa kukampani ya Seibt, molamulidwa ndi unduna wofalitsa mfundo za boma la Nazi, wa Joseph Goebbels, ndipo nambala 301 ikuimira 30 Januwale 1933, tsiku limene Hitler anatenga boma. Mtundu wa VE301W uli ndi thiransifoma ndi mavalavu atatu: REN904, RES164 ndi RGN354. Kenako AF7 inalowa m'malo mwa REN904. Mu 1938 munatuluka DKE 38, kawailesi kakang'ono ka 35 Reichsmark, kamene makampani ambiri a ku Germany ankapanga potsatira chojambula chimodzi. Kali ndi mavalavu awiri okha: VY2 yosandutsa AC kukhala DC, ndi VCL11 imene ndi mavalavu awiri m'botolo limodzi, triode yotola mawu ndi tetrode yowakuza.

Kusiyana kwakukulu ndi uku: DKE 38 ilibe thiransifoma. Waya umodzi wa magetsi a m'khoma umalowa mwachindunji mu dera lonse la wailesiyo. Malinga ndi momwe pulagi yalowera mu soketi, mbali imene chojambula chimaitcha ziro ikhoza kukhala ndi 230 V yonse poyerekeza ndi nthaka. Ngati switchi ikudula waya umodzi wokha, ngoziyo ilipobe ngakhale wailesi itazimitsidwa. Choncho pokonza pamafunika thiransifoma yolekanitsa ya 1:1, ndipo osayerekeza kulumikiza waya wa nthaka wa oscilloscope ku wailesi imene ili pa magetsi a m'khoma mwachindunji. Mukazimitsa, tsitsani mphamvu yotsalira m'makapasita akuluakulu kudzera mu rezisita ya 10 kΩ ya 5 W, n'kutsimikiza ndi mita yoyezera magetsi kuti yafika pa ziro musanalowetse dzanja.

Musanamasule chilichonse, jambulani zithunzi zambiri, pamwamba ndi pansi, waya uliwonse ukuoneka kumene ukupita. Zingapo mwa mawailesiwa zinakonzedwapo kale m'zaka za m'ma 1940 ndi 1950, nthawi imene zipangizo zinali zosowa, ndiye mudzapeza zinthu zosagwirizana ndi chojambula. Zulani mavalavu pogwira tsinde, osati galasi, chifukwa guluu wolumikiza ziwirizi amakhala atauma ndipo galasi likapotokola limadula timawaya ta m'kati. Osapukuta zilembo za pagalasi ndi nsalu yonyowa. Zimachoka nthawi yomweyo. Fumbi lichotsedwe ndi burashi yofewa. Bolodi imene zipangizo zakhalapo si yachitsulo, ndi Pertinax, pepala lopanikizidwa ndi utomoni, ndipo imapindika ikamwa madzi komanso imathyoka ikakakamizidwa.

Kenako mita igwire ntchito, magetsi asanafike. Pali zinthu zinayi zimene zimagamula ngati ntchitoyi ikhale yopepuka kapena yaitali: mafilamenti a mavalavu onse awiri, koyilo ya sipika, rezisita yaikulu yawaya yotsitsa magetsi, ndi makoyilo otolera masiteshoni. Filamenti ya VCL11 imafuna 90 V pa 50 mA, kutanthauza kuti ikatentha imakhala 1800 Ω; ya VY2 imafuna 30 V pa 50 mA yomweyo, ndiye 600 Ω. Zikakhala zozizira mita imaonetsa nambala yotsika kwambiri kuposa pamenepa, ndipo limenelo si vuto. Chimene mukufuna kudziwa n'chakuti njira ilipo, sinaduke. Koyilo ya eriyo imene imasendezedwa ndi kabatani ka kumanzere ili ndi timawaya tofewa timene timapindika nthawi iliyonse kabataniko kakazungulira, ndipo timakonda kudukira pafupi ndi pamene anawotcherera.

Tsopano makapasita. Apa m'pamene pali nkhani yonse.

Makapasita apepala a nthawi imeneyo anatsekedwa ndi phula kumapeto. Phulalo limang'aluka, chinyontho chimalowa, pepala limayamba kudutsitsa DC. Woopsa kwambiri ndi wamng'ono uja wa 4 nF wolumikiza anodi ya triode, potulukira siginolo, ndi giridi ya tetrode, imene imalamulira kuchuluka kwa magetsi odutsa m'valavu. Ntchito yake ndi kudutsitsa mawu n'kutsekereza DC. Giridi ya tetrode imayenera kukhala pafupifupi 4.5 V kumunsi kwa kathodi kuti valavu ikoke 12 mA basi. Tiyerekeze kuti ku anodi ya triode kuli 60 V, kapasita yatsika kufika pa 20 MΩ, ndipo rezisita ya giridi ndi 1.5 MΩ. Pa giridi pafika mphamvu yoposa 4 V ya positive, ndipo pafupifupi 4.5 V yonse ija yafafanizika. Valavu imayamba kukoka mopyola muyezo, imatentha, kathodi yake imatha, ndipo mphamvu yonseyo imadutsa mu koyilo ya sipika ya waya woonda kuposa tsitsi. Choipa china n'chakuti mita wamba imayeza ndi batire laling'ono, ndiye kapasita yotereyi imaoneka yabwinobwino. Imayamba kudontha ikakumana ndi mphamvu yeniyeni komanso ikatenthedwa. Palibe chifukwa choiyezera. Ichotseni. Ikani ya filimu ya 3.9 nF kapena 4.7 nF ya 630 V.

Nthawi zina pa makapasita akale a ku Germany mudzaona manambala olembedwa mu cm. Ndi muyezo wakale: 1 cm ndi pafupifupi 1.1 pF, ndiye 4000 cm ili pafupi ndi 4.4 nF.

Kapasita imene ili mopingasa VY2, yochepetsa kulira kwa magetsi, imakumana ndi mphamvu yoposa 600 V pa nsonga ya funde lililonse. Ikachita shoti, AC imapita molunjika ku makapasita osefera n'kuwaphulitsa. Pamenepa pakufunika ya 10 nF yopirira 1000 V kapena kuposa, kapenanso ya gulu la Y2, la makapasita achitetezo opangidwa kuti asachite shoti akawonongeka. Kapasita iliyonse imene yaima pakati pa dera la wailesi ndi chinthu chimene munthu angakhudze ikhale ya gulu la Y. Mukamaliza, yezani kuti palibe njira ya DC kuchokera ku masoketi a eriyo ndi a nthaka kupita ku mapini a pulagi.

Makapasita awiri osefera ndi a 4 µF iliyonse. Ikani a 4.7 µF a 450 V, ndipo musakopeke ndi maganizo akuti waukulu ndiye wabwino. Kapasita yoyamba ikakula, VY2 imakakamizika kupereka mphamvu yambiri m'kanthawi kochepa pa funde lililonse, ndipo kachingwe ka kathodi m'kati mwake kamapsa ngati fyuzi. VY2 zambiri zinafa motero. Samalani mbali ya negative: mu wailesiyi mphamvu ya giridi ya tetrode imapangidwa ndi rezisita yosinthika imene ili pa njira ya negative, ndiye ma negative a makapasita awiriwa musangowaphatikiza musanaone chojambula. Mukawaphatikiza pamene sipayenera, mwaichotsa rezisitayo pantchito, ndipo VCL11 ikoka mopanda malire monga ikanachitira ndi kapasita yodontha ija.

Ine ndimaona kuti wailesi ya zaka zoposa 80 siyenera kuoneka ngati yapangidwa dzulo pansi pake. Makapasita atsopano ndi aang'ono moti amalowa m'zikopa za akale. Tenthetsani kapasita yakale pang'onopang'ono ndi mpweya wotentha mpaka phula litafewa, kokani za m'kati ndi pulayala, lowetsani yatsopano, tsekani kumapeto ndi sera yakuda. Pa VE301W makapasita angapo ali m'kabokosi kamodzi kachitsulo kodzaza phula, kamene kamatupa akawonongeka. Njira yake ndi yomweyo, kungoti imafuna kudekha. Makapasita a mica ndi a seramiki asiyeni. Marezisita a ku Germany a nthawi imeneyo amasunga bwino muyezo wake, ndiye sinthani okhawo amene apatuka ndi 20 peresenti kapena kuposa. Kuchotsa zonse mwachisawawa n'kuwononga chinthu chimene mumafuna kupulumutsa.

Mafilamenti awiri aja ali mumzere umodzi, pamodzi amafuna 120 V. Zotsalazo zimadyedwa ndi rezisita yaikulu yawaya, imene ili ndi malo osankhira mphamvu ya magetsi. Onetsetsani kuti waya uli pamalo a mphamvu yapamwamba. Wailesi yoikidwa pa 110 V ikalumikizidwa ku 230 V mafilamenti amapsa pompo. Masamu ake ndi osavuta: 230 kuchotsapo 120 ndi 110 V, kugawa ndi 0.05 A ndi 2200 Ω, ndipo kutentha kwake ndi 5.5 W. Ngati mukayeza mwapeza kuti mumzeremo mukudutsa zoposa 50 mA, onjezani 200 Ω pa 10 V iliyonse yopyola. Filamenti yodyetsedwa mopyola imafupikitsa moyo wa valavu mwakachetechete.

VY2 ikakhala yakufa ndipo ina sikupezeka, dayodi ya 1N4007 imagwira ntchito yake. Koma pali zinthu ziwiri zoti mukonze. Mzere wa mafilamenti ukufunabe 600 Ω ija: ngati filamenti ya VY2 ili moyo, siyani valavuyo mu soketi kuti itseke mzere, mutadula waya wa anodi ndi kathodi, ngati yaduka, ikani rezisita ya 600 Ω ya 3 W kapena kuposa. Chachiwiri, dayodi sitaya mphamvu ngati valavu ndipo siyembekezera kutentha, ndiye makapasita amalandira pafupifupi 325 V nthawi yomweyo, VCL11 isanayambe kukoka. N'chifukwa chake tinasankha a 450 V. Ikani rezisita ya ma ohm mazana angapo mumzere ndi dayodiyo, musinthesinthe mpaka mphamvu ya anodi itafika pa nambala ya pachojambula.

Sipika ndi ya mtundu wa Freischwinger: maginito, koyilo yosasuntha, ndi kachitsulo konjenjemera kamene kamakankha pepala kudzera pa kandodo. Ilibe thiransifoma yotulutsira mawu. Koyilo yabwino imaonetsa pafupifupi 2 kΩ, ndipo mukagunditsa batire la 1.5 V pa mawaya ake imati thi. Ikakhala yoduka, yang'anani kaye kumapeto kumene waya woonda wakumana ndi wokhuthala, chifukwa dzimbiri lobiriwira limayambira pamenepo. Mukachita mwayi mumasula mizere yochepa yakunja n'kupeza podukapo. Kupanda apo ndiye kukulunga koyilo yonse mwatsopano. Mawu akamamveka okhadzula, nthawi zambiri ndi tizidutswa tachitsulo tomata pa mpata wa maginito, ndipo timachoka ndi kapepala kapena tepi yomata. Kachitsulo kaja kakhale pakati penipeni. Pepala long'ambika limatidwe ndi pepala lopyapyala ndi guluu wosauma gwa.

Pokhapokha izi zitatha m'pamene magetsi angabwere, ndipo abwere kudzera mu babu lafilamenti la 40 W loikidwa mumzere ndi wailesi. DKE 38 imadya pafupifupi 15 W, ndiye babulo liyenera kungofiira pang'ono. Likawala kwambiri n'kukhalabe choncho, pali shoti, zimitsani. Zikayenda bwino, dikirani valavu itenthe, chotsani babu, yezani mphamvu ya tetrode n'kusintha rezisita ya pa negative ija mpaka ifike pa 12 mA. Yezaninso mopingasa rezisita ya giridi: payenera kukhala ziro. Ngati kapasita ndi yatsopano koma nambala ikukwerabe valavu ikamatentha, vuto lili m'kati mwa VCL11. Valavu imeneyi imadziwikanso ndi kulira kwa likhweru kosatha, chifukwa mbali zake ziwiri zili moyandikana kwambiri m'galasi limodzi. Musanaiweruze, tsukani mapini ndi soketi, ndipo bwezerani mawaya a giridi m'njira zimene anadutsa poyamba, afupiafupi, kutali ndi waya wa anodi ya tetrode.

Bokosi ndi la Bakelite. Kuwala kwake kuli pa kakhungu kopyapyala kapamwamba. Pansi pake pali utuchi wosakaniza ndi utomoni, wosawala ngakhale mutapukuta motani. Sandipepa ndi sopo waukali zisayandikire. Madzi ofunda ndi sopo wofewa, kenako polishi wosalala ndi sera pang'ono, zakwana. Ming'alu imatidwe ndi epoxy cham'kati. Kutsogolo kwa ambiri kuli chiwombankhanga cha boma la Nazi, ndipo pa ena chizindikirocho chinapalidwa nkhondo itatha mu 1945. Chopalidwacho chisiyeni momwemo. Ndi mbali ya mbiri ya wailesiyo, monganso lamulo la mu Seputembala 1939 limene linkalanga aliyense womvera masiteshoni akunja. Ku Germany lero kuonetsa chizindikirocho poyera n'koletsedwa ndi ndime 86a ya malamulo a milandu, ndiye wogulitsa kapena woika zithunzi pa intaneti amachiphimba.

Poyesa kumvera, wailesiyi imafuna waya wa eriyo wa mamita 10 mpaka 20, wotalikirana ndi ma charger ndi mababu a LED, amene phokoso lawo limakwirira chilichonse. Kabatani ka kumanja kamabweza gawo la siginolo ku giridi kuti likuzidwenso. Kazungulizeni mpaka wailesi itatsala pang'ono kuimba likhweru, n'kubwerera pang'ono. Pamenepo m'pamene imamva kutali ndi kusiyanitsa bwino masiteshoni. Mukapyola, wailesiyo imayamba kuulutsa yokha kudzera mu eriyo n'kusokoneza anansi. Mukasuntha kabatani ka kumanzere, ka kumanja nakonso kamafuna kukonzedwanso. Masiteshoni akuluakulu a ku Germany a pa long wave ndi medium wave, mafunde amene wailesiyi imagwira, kulibenso: mwachitsanzo, siteshoni ya Deutschlandfunk inazimitsa long wave kumapeto kwa 2014 ndi medium wave pa 31 Disembala 2015. Usiku masiteshoni akutali amamvekabe, koma masana ambiri amagwiritsa ntchito kachipangizo kakang'ono koulutsa mawu pa mafunde a AM, koikidwa pafupi ndi waya wa eriyo, ka mphamvu yochepa yosadutsa chipinda. Musanaipereke m'manja mwa munthu wina, ikani chingwe chatsopano ndi fyuzi ya 0.5 A, bwezerani chitseko chakumbuyo ndi timabowo take totulutsira kutentha tili totseguka, ndipo sikuluu iliyonse ya pa mabatani imene chala chingakhudze muikwirire ndi sera.