Inuyo mupita?

Tulo takana, ndiye bola ndilembe.

Zonse zayambira pa mayi amene ndakumana nawo masana. Ndi aja ankakhala benchi yachitatu kutsogolo, oyambitsa nyimbo akwaya akachedwa. Patha miyezi isanu ndi iwiri osawaona. Ine ndi pakamwa pangapa ndangoti, "Mayi, kodi munatithawa?" Aseka pang'ono, kenako nkhope yagwa. Ati anasamukira kunja kwa mzinda, kumalo atsopano kumene nyumba zikumera ngati bowa, zina mazenera otseka ndi makatoni koma anthu analowamo kale. Kuti afike kutchalitchi kwathu ayenera kukwera kawiri, ali ndi ana atatu. Akalipira ulendo, ya chopereka yatha. "Bambo, kwathuko komwera mowa n'kosasowa, koma kopempherera kulibe. Mwana wa aneba atamwalira tinasowa ndi wotsegula Baibulo yemwe."

Mawu omalizawo ndi amene andikhala pamtima.

Madzulo kunali msonkhano wa akulu ampingo, ndipo nkhaniyi ndaiponya pa zina ndi zina, osakonzekera. Ndati tiyambe nthambi kumeneko, ngakhale pakhonde pa munthu. Kwangoti zii. Kenako mkulu wina, amene ndimawalemekeza ndithu, wati, "Denga lathu likudontha, mpanda sitinamalize, inu mukuti nthambi?" Asungichuma ndiwo anena chimene tonse timaopa kutchula: mabanja a mbali imeneyo akachoka, chakhumi chitsika. Sindikuwanena. Bukhu la ndalama amasunga ndi iwo, ine ndimangomva malipoti.

Magazi anditentha. Ndawakumbutsa za mpingo wa ku Antiokeya pa Machitidwe 13, umene unapatula Barnaba ndi Saulo, aphunzitsi ake enieni, n'kuwalola apite. Ndatchula za ku Filipi, kumene zinayambira m'mbali mwa mtsinje ndi amayi opemphera, mpaka abale kumasonkhana m'nyumba ya Lidiya. Akula ndi Priskila nawo mpingo unali m'nyumba mwawo, denga la tchalitchi panalibe. Ndimalankhula mothamanga, ndikudzimva ndekha kuti ndayamba kulalikira anthu odziwa Baibulo kundiposa. Khalidwe limeneli ndili nalo, ndipo limandinyansa.

Mkulu uja wandisiya ndimalize. Ndiye mofatsa wati, "Mwawerenga bwino, bambo. Koma ku Korinto Paulo anakhalako chaka ndi miyezi isanu ndi umodzi, akusoka mahema kuti adye. Sanangotsegula ndi pemphero n'kubwerera kwawo." Wati pa moyo wake waona nthambi zikutsegulidwa ndi chimwemwe, kwaya yonse kupita, zithunzi kujambulidwa, koma pakutha chaka kwatsala anthu asanu ndi mlaliki wotopa amene palibe akumufunsa kuti wadzuka bwanji. Ena mwa otsalawo amakathera kwa aliyense wobwera ndi chimkuzamawu ndi malonjezo a zozizwitsa.

"Kubzala tonse timakufuna. Wothirira ndani? Inuyo mupita?"

Ndayang'ana pansi. Wapampando wati nkhaniyi aiika pa msonkhano wa mwezi wamawa, ndipo tatseka ndi pemphero limene sindinamve ngakhale liwu limodzi.

Mfundo zabwino zimabwera msonkhano utatha. Ndili m'njira ndakumbukira zimene bungwe la United Nations linanena mu 2018, kuti anthu 55 pa 100 alionse padziko amakhala m'mizinda, ndipo pofika 2050 adzakhala pafupifupi 68. Anthu onsewo sakukakhala pafupi ndi matchalitchi akale, akukakhala kumapeto, kumene malo alipo. Ndikanatchula zimenezi. Koma kodi zikanayankha funso lawo lija? Ayi.

Zoona zake n'zakuti Lamlungu langa ndimalikonda momwe lilili. Benchi yanga, anzanga, ana ali ku Sande sukulu yomwe anaizolowera. Kupita kumeneko ndiye kuti sabata iliyonse kunyamula mipando, kuyimba anthu asanu ndi atatu popanda choimbira, kuyendera odwala amene sindikuwadziwa.

Akazi anga andifunsa chimene ndikudyera mosafuna, ndangoti kutopa. Nambala ya mayi aja ili mufoni. Anati khonde lawo ndi lalikulu, anthu khumi ndi asanu akhoza kukwana, bola kusagwe mvula.