Mbiri ya moyo wanga, gawo 7: Mapilitsi, kusala kudya ndi za kuchipinda

Abale anga, m'gawo lino nkhani ya ine mwini ndiiika kaye pambali. Tafika pa mankhwala, ndipo sindingapitirire ndisananene zimene bambo wopemphera ayenera kudziwa dokotala akamulembera mapilitsi a matenda a maganizo. Kuyamba timayamba bwino. Chimatigwetsa ndi kusiya, ndipo timasiya mwakachetechete, mayi a kunyumba osadziwa, abusa osadziwa, dokotala osadziwa.

Pa matenda a kukhumudwa, mankhwala odziwika ndi fluoxetine ndi amitriptyline. Fluoxetine amamwa m'mawa, nthawi zambiri 20 mg kamodzi pa tsiku. Amitriptyline amamwa usiku chifukwa amagonetsa, ndipo amayambira pang'ono, monga 25 mg, dokotala n'kumaonjezera. Amenewa sali ngati mankhwala a mutu oti wamwa, pakutha pa ola wapeza bwino. Pamatenga masabata 2 mpaka 6 kuti mtima uyambe kupepuka, pomwe zovuta zake zimafika msanga: nseru ndi kusowa tulo kwa fluoxetine, kuuma m'kamwa, kudzimbidwa ndi chizungulire kwa amitriptyline. Munthu amamwa masiku 10, aona zowawa zokhazokha, n'kunena kuti sakumuyanja. Chonsecho nseruyo imatha pa sabata imodzi kapena ziwiri, ndipo kumwa mutadya kumaichepetsa.

Tsono mwapeza bwino. Tulo tabwerera, kuntchito mukupita, m'tchalitchi mukuyimba ndi mtima wonse. Apa ndi pamene abambo ambiri amaimirira kupereka umboni woti Ambuye awachiritsa, madzulo ake mapilitsi n'kutaya. Umboniwo ndi woona, perekani. Koma mapilitsi musataye. Mu 2016 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linalangiza kupitiriza kwa miyezi 9 mpaka 12 zizindikiro zitatha, chifukwa wosiya msanga matenda amamubwerera mosavuta. Nthawi yosiya ikakwana, dokotala amatsitsa mlingo pang'onopang'ono kwa masabata 4 kapena kuposerapo. Wodula tsiku limodzi amatha kumva chizungulire, kulota zoopsa, kupsa mtima pachabe, ena amamva ngati magetsi akuwagwira m'mutu. Zimandipweteka kuti m'bale wotere amayamba kudziona ngati wagwidwa ndi ziwanda, pomwe ndi thupi chabe likufunsa chimene linazolowera.

Pali chifukwa china chosiyira chimene sitichitchula. Fluoxetine ndi anzake amatha kuchepetsa chilakolako, kufooketsa mphamvu za kuchipinda kapena kuchedwetsa kumaliza. Risperidone, amene amapatsidwa kwa omva mawu a anthu osaoneka, amatha kuchita zomwezo, ndipo kwa amuna ena amatupitsa mabere. Bambo amachita manyazi, mayi amayamba kukayikira kuti kuli wina kunja, banja n'kuzizira. Nenani kwa dokotala momveka, ngakhale m'kamwa mukulemera. Akhoza kutsitsa mlingo kapena kusintha mankhwala. Mayi nawo auzeni kuyambira tsiku loyamba, ndipo dziwani kuti matenda a kukhumudwa pawokha amaphanso chilakolako.

Kwa amene amamva mawu a anthu osaoneka kapena kukhulupirira kuti akusakidwa, amapatsidwa haloperidol, chlorpromazine, risperidone kapena olanzapine. Haloperidol ali ndi vuto limene limakonda anyamata ndi abambo achichepere m'masiku oyambirira: khosi kupindika, nsagwada kuuma, lilime kutuluka, maso kutembenukira m'mwamba. Woona amathamangira kusanjika manja ndi kudzudzula mizimu. Pempherani muli pa ulendo wa kuchipatala, chifukwa vutoli lili ndi mankhwala ake ndipo limamasuka msanga. Benzhexol amaperekedwa pa kuuma ndi kunjenjemera kotere. Chlorpromazine amapangitsa khungu kupsa ndi dzuwa, ndipo podzuka muzidzuka pang'onopang'ono kuopa kugwa. Olanzapine amanenepetsa, choncho muziyezetsa sikelo ndi shuga. Woiwalaiwala mapilitsi afunse za jakisoni wokhalitsa m'thupi, wobaya pakatha masabata angapo.

Za kusala kudya ndikhalapo pang'ono, chifukwa apa chikhulupiriro ndi mankhwala zimakumana maso ndi maso. Piritsi si chakudya, ndipo kulimwa sikuswa kusala. Amene ali pa lithium, mankhwala a matenda a bipolar amene amakweza munthu n'kumugwetsanso, asasale madzi ngakhale tsiku limodzi. Thupi likauma, impso zimasunga lithium, iye n'kuchuluka m'magazi mpaka kusanduka poizoni. Zizindikiro zake ndi kunjenjemera kwambiri, kusanza, kutsegula m'mimba, kuyenda dzandidzandi ndi kulankhula mokoka. Zikatero ndi za kuchipatala nthawi yomweyo. Mankhwala ochepetsa ululu a ibuprofen ndi diclofenac amakwezanso lithium m'magazi. N'chifukwa chake pamafunika kuyezetsa magazi, impso ndi chithokomiro nthawi ndi nthawi. Mapemphero ochezera usiku wonse nawo ndi oopsa kwa wa bipolar, pakuti kusagona kumadzutsa matendawa. Bambo akayamba kugona maola awiri okha koma osatopa, kulankhula kosalekeza, kumwaza ndalama, kunena kuti wapatsidwa uthenga wa dziko lonse, abusa asafulumire kumupatsa guwa. Amuperekeze kwa dokotala.

Mowa ndi chamba zimabweza m'mbuyo chithandizo chonse. Diazepam, mankhwala ogonetsa ndi ochepetsa nkhawa, ndi wa masiku ochepa, osapitirira masabata 2 mpaka 4, chifukwa thupi limamuzolowera.

Pa dziko lonse anthu oposa 700,000 amadzipha chaka chilichonse, ndipo amuna ndi ochuluka kuposa akazi kowirikiza kawiri. Maganizo otere amafikanso kwa opemphera. Eliya, pa 1 Mafumu 19, anakhala pansi pa mtengo napempha kuti afe, ndipo mngelo anamupatsa chakudya ndi madzi, iye nagonanso. Masabata oyamba a mankhwala a kukhumudwa ndi ofunika kuwayang'anira, makamaka kwa osafika zaka 25, chifukwa maganizo ofuna kufa amatha kukula mtima usanapepuke. Amitriptyline akamwedwa wambiri nthawi imodzi amasokoneza kagundidwe ka mtima mpaka kupha, choncho botolo lisungidwe ndi mayi kapena m'bale wodalirika, azipereka za tsiku limenelo zokha. M'bale akanena kuti watopa ndi moyo, mufunseni mosazungulira ngati akuganiza zodzipha. Kufunsa sikumuika maganizowo. Akavomera, musamusiye yekha, chotsani zingwe, mankhwala ndi poizoni zimene zili pafupi, ndipo mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo.