Mphatso za pamanja: zomwe timapanga, ndi zomwe tinasiya kupanga

Bizinesi yathu ndi ya tebulo limodzi, mashini osokera, sikelo yaing'ono ya kukhitchini ndi bokosi la zida. Timapanga mphatso zing'onozing'ono: makope osoka ndi ulusi, tizikwama ta zolembera, zidole za nsalu, makandulo a m'mabotolo ndi makhadi. Poyamba mndandandawu unali wautali, chifukwa munthu akangoyamba ntchito ya manja amafuna kupanga chilichonse chomwe waona pa intaneti. Unafupika chifukwa cha vuto limodzi lomwe malonda a mphatso ali nalo: wogula si amene amakagwiritsa ntchito chinthucho. Wogula amaona kukongola kwa tsiku lomwelo, pomwe wolandira ndi amene adzaone zipi ikukana kutseka kapena utoto ukusendeka patatha mwezi. Wolandirayo sadandaula, poti mphatso saidandaulira, koma dzina lathu lili pakapepala ka kumbuyo. Choncho chilichonse chomwe timagulitsa chimayamba chakhala m'manja mwathu milungu inayi chikugwira ntchito yake. Chikalephera, timachikonza kapena kuchichotsa.

Makapu ojambula ndi omwe anayamba kuchoka. Utoto wa acrylic sugwira pa kapu yosalala. Ukakumana ndi madzi otentha ndi sopo umasendeka ngati khungu. Ulipo utoto wake wa mbale zadothi womwe umawotchedwa mu uvuni pa madigiri pafupifupi 150, koma nawonso suyenera kufika pomwe milomo imakhudza, ndipo nthawi yomwe kapu imodzi imadya sibweza phindu.

Aphunzitsi amalandira mphatso zambiri nthawi imodzi, kumapeto kwa chaka cha sukulu ndiponso pa 5 Okutobala, Tsiku la Aphunzitsi pa Dziko Lonse, lomwe bungwe la UNESCO linakhazikitsa mu 1994. Ana khumi akabweretsa zokongoletsa khumi, zisanu ndi zinayi zimathera m'kabati. Nchifukwa chake kwa aphunzitsi timapanga zinthu zomwe zimatha pogwiritsa ntchito, ndipo choyenda malonda kwambiri ndi kakope ka m'thumba.

Kakopeka kali ndi chinsinsi chomwe ambiri sachidziwa. Pepala lili ndi njira yomwe timaulusi take tinagonera popangidwa ku fakitale. Mukalipinda motsata njirayo limagonja bwino; mukalipinda mopingasa, mpindowo umasweka ndipo kope limakhala kukamwa yasa, osafuna kutseka. Mapepala ambiri a A4 osindikizira, a 210 x 297 mm, timaulusi take tinagona cha m'litali. Mukangowapinda pakati kuti mupange kope la A5 ndiye kuti mwapinda mopingasa. Ife timayamba tadula A4 pakati, kenako theka lililonse nkulipinda, ndipo timapeza kope la A6, la 105 x 148 mm, lomwe msana wake ukutsata njira ya timaulusi. Kuti mudziwe njirayo, khotetsani pepala pang'ono uku ndi uku osalithyola. Mbali yomwe ikugonja mosavuta ndi imeneyo.

Kope limodzi timaikamo timapepala 10 ta 80 gsm (gsm ndi muyezo wa kulemera kwa pepala), tomwe tikapindidwa timapereka masamba 40, ndi chikuto cha pepala lolimba la 250 gsm. Chikutocho timayamba tachilemba mzere ndi kumbuyo kwa mpeni pa lula, kuti chipindike mwaukhondo. Pamsana timaboola mabowo atatu: limodzi pakati, ena awiri masentimita awiri kuchokera kumwamba ndi kumunsi. Ulusi ukhale wautali katatu kuposa msanawo, ndipo timaukhukhuza pa phula la njuchi kuti usamapotane komanso kuti mfundo igwire. Singano imayambira mkati pa bowo lapakati nkutulukira kunja, nkulowa pa bowo lakumwamba, nkudumpha mpaka la kumunsi, nkutulukanso, nkubwerera mkati pa bowo lapakati lija. Nsonga ziwirizo zikhale uku ndi uku kwa ulusi wautali wa mkatiwo, nkumanga mfundo pamwamba pake. Mukakoka kwambiri ulusi umang'amba pepala kuchokera pa bowo. Mukalekerera, masamba amagwedera.

Mukamaliza muona kuti masamba apakati asomphoka pang'ono kuposa akunja. Sikulakwitsa, ndi mmene mapepala opindira pamodzi amachitira. Timawapanikiza pansi pa mabuku olemera usiku wonse, mmawa nkudula m'mphepete ndi lula yachitsulo ndi mpeni wakuthwa, kudutsa kambirimbiri mopepuka. Wofuna kudula kamodzi ndi mphamvu amapeza m'mphepete mwa kope muli ngati mwadya mbewa. Za guluu woyera: ali ndi madzi, ndipo pepala likamwa madzi mbali imodzi limapindika pouma. Pakani pang'ono ndi burashi, ndipo mukamata nsalu kunja kwa chikuto matani pepala mkati mwake kuti mbali ziwirizo zikokane mofanana.

Kachikwama ka zolembera nkosavuta kwa aliyense wodziwa mashini. Pa zipi ya masentimita 20 timadula zidutswa zinayi za 22 x 12 cm, ziwiri za kunja ndi ziwiri za mkati, nkusiya sentimita imodzi ya msoko. Nsalu ya thonje timaichapa nkuisita tisanadule, chifukwa imafupika pochapa koyamba pomwe zipi sifupika, ndiye kachikwama kamakwinyika m'mbali mwa zipi. Ya mkati ikhale yakuda kapena yoderako, poti cholembera chimatha kudontha. Zolakwika zimabwera ziwiri zomwezomwezo: kuiwala kutsegula zipi mpaka theka musanasoke kuzungulira, zomwe zimakusiyani ndi thumba losatembenuzika, ndi kusasoka mzere wapamwamba m'mbali mwa zipi, zomwe zimachititsa kuti nsalu ya mkati izilumidwa ndi mano a zipi.

Pa za ana ndi pomwe sitinyengerera, ngakhale kholo litachonderera. Mwana wosakwana zaka zitatu chilichonse amapititsa kukamwa. Opanga zidole amayeza tizidutswa ndi kachubu ka mamilimita 31.7 m'mimba mwake, ndipo chomwe chalowa chonse m'kachubuko chingathe kutsamwitsa mwana. Kunyumba mungayese ndi kachubu ka katoni ka mkati mwa pepala la kuchimbudzi. Nkokulirapo, choncho kamakana zambiri, ndipo nzabwino kutero. Zidole zathu zilibe maso a mabatani kapena mikanda, maso ndi pakamwa timapeta ndi ulusi. Chingwe kapena liboni sichipitirira masentimita 22. Maginito ndi timabatire tozungulira ngati batani sitiika nkomwe, chifukwa mwana akameza zimawononga m'mimba ndi kummero mofulumira. Msoko timadutsa kawiri ndi masitichi aafupi a mamilimita awiri, ndipo chidole chikatha timakoka mkono, mwendo ndi khutu mwamphamvu, kuposa mmene mwana angakokere. Mkati timaika thonje lochita kupanga la m'mapilo. Njere za mbewu zimapatsa chidole kulemera kosangalatsa, koma zimafumbwa, ndipo chidole chikachapidwa zimafufuma nkuchita nkhungu.

Makolo amakonda chidindo cha dzanja la mwana pa mtanda wa mchere. Muyezo wake ndi makapu awiri a ufa wa tirigu, kapu imodzi ya mchere wosalala ndi madzi osapitirira kapu imodzi, kuthira pang'onopang'ono. Ufa ukhale wopanda chofufumitsa. Mtandawo timaupapatiza kufika sentimita imodzi, mwana nkudinda, nkuboola pomangira chingwe, kenako mu uvuni pa madigiri 100 kwa maola awiri kapena atatu, kutembenuza kamodzi. Moto ukakula pamwamba pamatukumuka ndipo mizere ya dzanja imafufutika. Vuto lalikulu limadza pambuyo pake: mchere umakoka chinyezi cha mumpweya, ndiye chinthu chomwe chinali gwa chimafewa nyengo yamvula. Vanishi apakidwe kawiri mbali zonse, mpaka m'kabowo ka chingwe momwe. Timauzanso ogula kuti achipachike patali, chifukwa mchere wochuluka chotere ndi woopsa kwa mwana kapena galu akachidya.

Makandulo ndi amene amatipatsa phindu lalikulu, ndiponso ndi amene anatitayitsa zipangizo zambiri tisanawadziwe. Botolo likhale la galasi lochindikala lopirira kutentha, lopanda mng'alu. Kuti tidziwe phula lofunika, timathira madzi m'botolo kufika pomwe kandulo idzalekezere nkuwayeza pa sikelo. Phula ndi lopepuka kuposa madzi, choncho malo a magalamu 200 a madzi amadzaza ndi phula la magalamu pafupifupi 170. Botololo liume kotheratu tisanathiremo kanthu. Phula sitisungunulira pamoto mwachindunji. Chitini chake chimakhala mumphika wa madzi otentha, choyezera kutentha chili momwemo. Likagwira moto musathire madzi, amalipalasa nkukulitsa ngozi. Zimitsani chitofu nkuvundikira ndi chivundikiro chachitsulo.

Phula la soya timalitenthetsa kufika madigiri 80 mpaka 85, nkuthira mafuta onunkhira opangira makandulo, magalamu 6 mpaka 8 pa magalamu 100 alionse a phula, nkutakasa mofatsa mphindi ziwiri. Timadikira litsike kufika pakati pa 55 ndi 60 tisanathire m'botolo. Mafuta akachuluka phula limalephera kuwasunga, ndipo pamwamba pamatuluka timadontho ngati thukuta. Pafyumu wodzola sathandiza, sasakanikirana bwino ndi phula. Makirayoni a ana amaoneka ngati njira yachidule yopatsira kandulo mtundu, koma utoto wake ndi ufa womwe susungunuka; umatseka chingwe, lawi nkuyamba kufooka mpaka kuzima. Maluwa ouma oyandama pamwamba amakongola pa chithunzi basi. Phula likasungunuka amasendera ku lawi nkuyaka. Phula la parafini lili ndi khalidwe lina: limakhwinyata pozizira nkusiya dzenje pafupi ndi chingwe, choncho timasungako pang'ono kuti tithire kachiwiri.

Chingwe ndicho chimalamula zonse. Chikachepa, lawi limakumba dzenje pakati nkusiya phula lambiri m'mbali. Chikakula, kandulo imafuka mwaye ndipo galasi limatentha mosagwirika. Mndandanda wa makulidwe a zingwe womwe wogulitsa amapereka umangokupatsani poyambira. Botolo lililonse latsopano timalithira katatu ndi zingwe zitatu zosiyana kukula, nkuziyatsa maola anayi ulendo uliwonse mpaka kandulo kutha, chifukwa chingwe chomwe chikuyaka bwino pamwamba chingathe kutentha mopitirira chikafika pansi pomwe kutentha kumaunjikana. Chabwino ndi chomwe chimasungunula phula kufika m'mphepete pa ola limodzi pa masentimita awiri ndi theka alionse a kukula kwa botolo, osazama kupitirira sentimita imodzi. Kandulo ya soya imafuna sabata imodzi kapena ziwiri itakhala isanayatsidwe kuti fungo likhazikike, kotero za pa 14 Febuluwale timathira pakati pa Januwale. Pansi pa botolo timamata kapepala: dulani chingwe chitsale mamilimita 6 musanayatse, musapitirire maola anayi, musaisiye yokha ikuyaka, ndipo phula likatsala sentimita imodzi isiyeni.

Makhadi alibe zambiri. Pepala lolimba la A5 lopindidwa pakati limalowa mu envulopu ya C6, ya 114 x 162 mm, bola zomata pamwamba zisatukumuke kwambiri.

Poika mtengo, ambiri amawerenga nsalu ndi phula nkuiwala zina zonse. Ife timawerenga zipangizo zoyezedwa pa sikelo, chokulungira, singano ndi malezala omwe amabuntha, magetsi, zoyeserera zomwe zimatayidwa, ndi nthawi. Nthawiyo timayeza pa gulu, osati pa chinthu chimodzi: kudula tizikwama makumi awiri tonse, kenako kuika zipi tonse, kenako kutembenuza tonse, nkugawa maolawo ndi makumi awiri. Kusoka kamodzikamodzi kumadya nthawi pa kusintha ulusi ndi phazi la mashini. Pa oda yolemba dzina, kasitomala amalemba dzinalo yekha pa uthenga wa pafoni, ife nkumubwezera chithunzi cha mmene lidzaonekere, ndipo amapereka theka la ndalama tisanayambe, popeza kope lolembedwa dzina la munthu silingagulitsidwe kwa wina. Opempha kuti tijambule zidole za m'makatuni otchuka timawakaniza. Zithunzizo zili ndi eni ake mwalamulo, ndipo timawaonetsa nyama ndi maluwa zomwe tinajambula tokha.

Pa gulu lililonse timasunga chimodzi ndi kulemba m'kope la ntchito: tsiku, mtundu wa phula, nambala ya chingwe, magalamu a mafuta, kutentha pothira, komwe nsalu kapena zipi inagulidwa. Phula la dzina lomwelo lingathe kusiyana thumba ndi thumba, choncho thumba latsopano likatsegulidwa timathira botolo limodzi loyesera tisanathire ena onse. Kasitomala akanena kuti kandulo yake ikufuka, timayang'ana tsiku lomwe lili pansi pa botolo lake, nkutenga inzake ya pa shelefu, nkuiyatsa.