Mbiri ya moyo wanga, gawo 14: chaka chosoka mamasiki

Ulendo watha tinalekezera paja ndinagula makina a Singer akale aja n'kupeza malo pakhonde la golosale ina mu Ndirande. Ndiye kunabwera 2020 abale anga.

Masukulu atatsekedwa pa 23 March chifukwa cha Covid ine ndinkangoti ndi nkhani ya aziphunzitsi imeneyo, mpaka patadutsa masabata awiri ndi pomwe ndinazindikira kuti telala wopanda yunifolomu yosoka ndi lova basi. Maukwati anayima, zinkhoswe zii, nsalu za gulu la amayi zomwe ndinadula kale eni ake osabweranso kudzatenga. Mu April boma la a Mutharika linati tonse tikhale m'nyumba masiku 21 kuyambira pa 18, mavenda ku Limbe anakwiya n'kupita pansewu, a bungwe lomenyera ufulu wa anthu la HRDC anakatenga chiletso ku khothi ndiye lockdown ija sinachitike. Koma kwa ine zinali chimodzimodzi, ndimatsegula makina m'mawa, kupukuta fumbi, kuthira oyilo, madzulo kutseka ndisanasoke ngakhale zipi imodzi. Lendi ya miyezi iwiri ili pakhosi.

Apa ndinene chilungamo, a khansala athu ine sindinawavotere mu 2019. Ndinkavala nsalu ya chipani china poyera ndipo iwo ankadziwa, tinakumanapo pamaliro ine ndili mu nsalu yomweyo. Ndiye tsiku lomwe anaima pakhonde panga atanyamula jumbo ya nsalu ndi mpukutu wa lasitiki ndinkaganiza kuti asochera.

"Mayi, mamasiki mungasoke angati pa tsiku?"

Ine ndinali ndisanasokepo ngakhale imodzi koma ndinayankha kuti 50, njala imaphunzitsa bodza. Anatulutsa yachitsanzo m'thumba, yopinda katatu kutsogolo, nsalu ziwiri kuphatikiza, nati ayamba ndi amayi ogulitsa ndiwo mumsika ndi agogo a m'dera mwathu, ndipo ntchitoyi ayigawa kwa matelala angapo kuti aliyense apezeko ya ufa. Tsiku loyamba ndinasoka 18 yokha, ina yokhota moti mwana wanga anayesa imodzi khutu linachita kupindika. Pofika mu August, atalamula kuti wosavala masiki pagulu alipira K10,000, ndinali katswiri, ndimasoka ndikucheza, ndipo anthu amabwera okha kudzagula. Ndalama ya a khansala imabwera mochedwa nthawi zina, sindibisa, koma imabwera. Anaikanso ndowa za mpopi ndi sopo pazipata za msika, ngakhale sopoyo amasowa isanakwane 10 koloko, anthu ife.

Chimene sindiiwala ndi cha agogo oyandikana nane, omwe amalera zidzukulu zitatu ndi geni ya makala. Kalembera wa ndalama za Covid zija, K35,000 pa mwezi, atafika kwathu kumafunika nambala ya foni chifukwa ndalamazo zimadzera pa Airtel Money kapena Mpamba. Agogo foni analibe, chiphaso cha unzika anachisunga mu chitini cha mkaka pansi pa mphasa. Ndinawaimbira a khansala ndili ndi manyazi, anabwera wapansi masana dzuwa likuswa mtengo, masiki ili pachibwano thukuta kamukamu, anawatenga agogo pang'onopang'ono mpaka kwa ejenti kukalembetsa simu, n'kuwasiyira kafoni kawo kakale ka mabatani kosweka galasi. Pobwerera ndinamva agogo akufunsa, "Mwanangu, kodi ndiwe mwana wa ndani?" Iwo anangoseka osanena kuti ndi khansala.

Ndalamazo zinachedwa kwabasi, boma linasintha mu June, a Chakwera analowa, ife kumangodikira mpaka 2021. Tsiku lomwe uthenga unalowa agogo anabwera nako kafoni atakakulunga pa kansalu kuti ndiwawerengere, ndinawerenga kawiri chifukwa koyamba sanakhulupirire. Anagula thumba la chimanga ndi matumba awiri a makala, ine anandipatsa mazira atatu.

Gawo lotsatira ndidzakuuzani za January 2021, sabata yomwe nduna ziwiri, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, zinamwalira tsiku limodzi, ndi m'mene ineyo ndinayambira kusamva fungo la utaka pamoto.