Dera limodzi, mayina awiri, mphindi zisanu

Ntchito yanga pa wailesi ndi kuunika nkhani za kunja zisanaulutsidwe. Lolemba m'mawa bwana anandiuza kuti pofika Lachisanu akufuna pulogalamu ya mphindi zisanu yofotokoza dera la West Bank. Chiyambire pamene achinyamata athu anayamba kupita kukagwira ntchito m'minda ya ku Israel kumapeto kwa 2023, makolo amaimba foni kawirikawiri kufunsa za malo amene amawamva pa nkhani. Ndinapereka ntchitoyo kwa mtolankhani wachitsikana amene wangoyamba kumene.

Lachiwiri anabwera ndi masamba awiri. Paliponse pamene panali West Bank iye analemba kuti Yudeya ndi Samariya. "Madala, ndaona kuti mayinawa anthu amawadziwa kale kutchalitchi," anatero. Ndinamumvetsa. Mawuwo amakoma m'khutu, ndipo womvera wa kumudzi akamva West Bank angaganize za banki yosunga ndalama, pamene tanthauzo lake ndi tsidya la kumadzulo kwa mtsinje wa Jordan.

Koma ndinamukhazika pansi. Yudeya ndi Samariya, m'Chiheberi Yehuda ve-Shomron, ndi dzina limene boma la Israel limagwiritsa ntchito. Linalowa m'malamulo a asilikali kumapeto kwa 1967, Israel italanda deralo m'manja mwa dziko la Jordan pa nkhondo ya masiku asanu ndi limodzi, ndipo linafala kwambiri Menachem Begin atatenga boma mu 1977. Apalestina, amene ndiwo ochuluka m'deralo, salitchula choncho. Ife tikalinena ngati lathu, tayima kale mbali imodzi tisanafotokoze kanthu.

Lachitatu anapendekera kwina. Anafufuta dzina la Chiheberi lonse, n'kuwonjezera chiganizo chakuti ndi dzina longopeka la andale. Apa m'pamene tinatenga nthawi, chifukwa zimenezo si zoona. Mayinawo ndi akale zedi. Buku la 1 Mafumu limanena za mfumu Omri kugula phiri la Samariya ndi matalente awiri a siliva, ndipo ngakhale chigamulo 181 cha United Nations cha mu 1947 chimatchula mapiri a Samariya ndi Yudeya pofotokoza malire. Dzina latsopano pa awiriwa ndi West Bank. Linakhazikika nkhondo ya 1948 itatha, Jordan italowetsa deralo mu ufumu wake mu 1950, ndipo ndi dzina la munthu amene wayima ku Amman, likulu la Jordan, n'kumayang'ana kutsidya. Jordan inasiya kulinena kuti ndi lake mu 1988, koma dzinalo linatsala, ndipo ndilo limene maiko ambiri amagwiritsa ntchito.

Anandiyang'ana atagwira cholembera kukamwa. Ndinamufunsa mmene amamvera wailesi ya ku Tanzania ikamati Lake Nyasa. Anangogwedeza mutu, n'kutenganso mapepala ake.

Lachinayi lonse linathera pa mawu amodzi. Chingerezi chili ndi liwu lake lonena dera limene asilikali a dziko lina akulilamulira, koma ife tikati "dera lolandidwa" zimamveka ngati chigamulo cha mfumu pabwalo. Mnzathu wina anafuna tingoti "dera lokanganirana", mawu amene akuluakulu a Israel amakonda. Ndinakana onse awiri ngati mawu a wailesi. Tinalemba zimene zilipo: asilikali a Israel akhala akulamulira deralo kuyambira 1967, pangano la Oslo la mu 1995, la pakati pa Israel ndi Apalestina, linaligawa m'zigawo A, B ndi C, ndipo C, yoposa theka la dera lonse, ili m'manja mwa Israel kotheratu, pa 19 July 2024 khoti la International Court of Justice linapereka maganizo ake akuti kukhalapo kwa Israel kumeneko n'kosaloledwa, ndipo Israel inatsutsa. Ziganizo zimenezi zinadya masekondi makumi anayi. Ndinachotsa nyimbo yoyambira kuti zikwane.

Chiganizo choyamba chinatuluka chotere: "West Bank, dera limene boma la Israel limalitcha Yudeya ndi Samariya potengera mayina a m'Baibulo, ndipo Apalestina akufuna likhale gawo la dziko lawo."

Pulogalamu itangotha Lachisanu madzulo, foni inalira. Anali abusa achikulire. Anati, "Mwana wanga, chitsime cha Yakobo chija chili kuti pamenepa?" Ndinawauza kuti chimene alendo amakaona lero chili m'mbali mwa mzinda wa Nablus, pafupi ndi mabwinja a Sekemu wakale, ndipo dzina la Nablus linachokera ku Neapolis, limene Aroma anaupatsa. Anakhala chete pang'ono, kenako anati abwereza kumvera Lamlungu akaweruka kutchalitchi.

Mtsikana uja anali atalemba kale pa bolodi ntchito ya sabata yamawa: mzinda wa Hebron, umene Chiheberi chimati Hevron, Chiarabu n'kumati al-Khalil.