Mmene tinayezera chipale ku Sertig tisanabwerere

Madzulo oti mawa lake tikwera phiri ndi ma ski (timatabwa tovala kumapazi totsetserekera pa chipale chofewa) m'chigwa cha Sertig, kufupi ndi Davos m'dziko la Switzerland, ndinayamba ndawerenga chenjezo la SLF, bungwe lofufuza za chipale ndi zigumukire zake. M'nyengo yozizira chenjezoli limatuluka 5 koloko madzulo ndi 8 koloko m'mawa, ndipo kukula kwa ngozi amakuika pa mlingo woyambira 1 kulekeza 5. Dera lathu linali pa 3, nambala imene imapusitsa chifukwa imaoneka yapakatikati, chonsecho ndi pa mlingo umenewu pomwe anthu ambiri amafera. Kenako ndinatenga mapu n'kuika chizindikiro paliponse potsetsereka kupitirira madigiri 30, popeza chipale chogumuka ngati chiphathi chimodzi chimakonda kuyambira pakati pa madigiri 30 ndi 45.

M'mawa, tisanachoke pomwe tinaimika galimoto, atatufe tinayesana ma transceiver, tizipangizo tovala pachifuwa totumiza ndi kulandira chizindikiro pa 457 kHz, ndipo aliyense anaonetsa fosholo yake ndi ndodo yopisa m'chipale. Sitichita zimenezi mwamwambo chabe. Munthu wokwiririka akafukulidwa mphindi 15 zisanathe nthawi zambiri amapulumuka, koma zikapitirira mpweya umamuthera, choncho omufukula ndi anzake omwe ali pomwepo, osati ndege ya Rega, bungwe lopulumutsa anthu pangozi.

Tikukwera, maso anga anali pa ntchito ya mphepo. Pamsana pa phiri panali poseseka mpaka miyala kuonekera, kusonyeza kuti chipale chonsecho chinakaunjikana mbali yobisika ku mphepo, yomwenso inali mbali imene tinkafuna kutsetserekera. Titafika pamalo ena athyathyathya, pansi panamveka kuti "fuu", ndipo ndinamva chipale chikutitimira pang'ono kunsi kwa mapazi anga. Phokoso limenelo limatanthauza kuti muyalo wofooka wapansi waphwanyika ndipo mpweya wathawa. Kunena zoona, pamenepa nkhani yotsetserekera mbali ija inali itatha kale, koma mnzathu wina anali asanakhutire, choncho tinagwirizana zokumba.

Tinasankha kamtunda kakang'ono koyang'ana mbali imodzimodzi ndi malo amene tinkafunawo, koma kopanda chotigwera kuchokera kumtunda. Ndinakumba dzenje lakuya kupitirira mita imodzi, ndinasalaza khoma lake, n'kuyamba kulibaya kuchokera pamwamba: chibakera, zala zinayi, chala chimodzi, pensulo, kuti ndidziwe kulimba kwa muyalo uliwonse. Masentimita 50 apamwamba anali ogwirana moti ankalola chala chimodzi chokha. Kunsi kwake kunali kamuyalo kopyapyala komwe njere zake zinkayoyoka m'dzanja ngati shuga. Njere zoterezi zimapangika chipale chikakhala chochepa kunja kukuzizira kwambiri, ndipo zikakwiririka zimatha milungu yambiri zisanagwirane. Cholimba pamwamba pa choyoyoka, ndiwo msampha weniweniwo.

Ndi sowo ndinadula chipilala cha masentimita 30 mbali zonse, ndinaika fosholo pamwamba pake, n'kuyamba kumenya monga mwa lamulo lake: kakhumi ndi dzanja lokha, kakhumi kuyambira pachigongono, kakhumi kuyambira paphewa. Chinathyoka nditamenya ka 13, ndipo chinasuntha mwadzidzidzi, pothyokapo pali see. Komabe chipilala chaching'onochi chimangonena kuti chipale chingathyoke, sichinena ngati mng'aluwo ungayende. Tinadulanso china cha masentimita 90 m'litali ndi 30 m'lifupi, pogwiritsa ntchito chingwe kumbuyo kwake, ndipo ndinamenya kumapeto kumodzi. Nditafika ka 14, mng'alu unathamanga m'kamuyalo kaja mpaka kumapeto enawo nthawi imodzi.

Chikanakhala kuti sichinathyoke, sindikanatenga zimenezo ngati chilolezo, chifukwa dzenje limodzi limangonena za pamalo pomwe lakumbidwa, ndipo mamita khumi kuchokera pamenepo chipale chikhoza kukhala china. Ine dzenje ndimalikhulupirira likamandiletsa basi. Mnzathu uja anagwada, nagwira njere zija, n'kungopukusa mutu.

Tinakwirira dzenjelo kuti wina asagweremo, ndipo tinatsikira njira yomwe tinakwerera, yosapitirira madigiri 25, mmodzimmodzi, motalikirana ndi tsinde la malo otsetsereka kwambiri aja. Titafika pagalimoto ndinatumiza ku SLF zomwe tinaona, kudzera pa pulogalamu yawo ya pafoni ya White Risk.