Tsiku limene ndinafufuta nkhope ya ankhoswe

Mkamwini akafuna kutchuka pamudzi wa eni amagula malata, kapena amalima munda wa apongozi dzuwa lisanatuluke. Ine ndinafuna kutchuka ndi sikana, makina okopera zithunzi kuti zioneke pa kompyuta kapena pa TV, ndipo mpaka lero ndikamadutsa pa Kamuzu Road anyamata ena a kabaza amandikuwira kuti, "Abwana a mizukwa, tikwere?"

Woyambitsa zonse anali chiswe. Apongozi anga aamuna, omwe anatisiya kalekale, anali wojambula zithunzi woyendayenda. Kamera ya Yashica pakhosi, njinga yakapalasa, kuchokera pa boma pano pa Salima kukafika ku Senga Bay, ku Lifuwu, mwinanso ku Chipoka kukakhala ukwati. Amene munakula nthawi imeneyo mukudziwa mmene zinkakhalira. Unkajambulitsa lero, n'kudikira kuti filimu ya zithunzi 36 idzaze, ipite ku Lilongwe ikatsukidwe, ndipo pakatha mwezi wojambula ankabwera ndi chithunzi chako kapena ndi mawu aja akuti "filimu inapsa". Alubamu ya banja inkakhala m'sutikesi kunsi kwa bedi. Tsiku lina potsegula tinapeza chiswe chadya ukwati wonse wa apongozi wa 1984, kungosiyako nsapato za mkwati. Chinapulumuka ndi chitini cha mabisiketi chodzaza ndi manegetivi, a Kodak, a Fuji, a Agfa, odulidwa zithunzi zinayizinayi.

Apongozi aakazi sanalire. Anangoti, "Basi, nkhope yawo ija ndiiwala." Sanandiuze ineyo, paja mkamwini ndi apongozi sitiyang'anana m'maso. Anauza mwana wawo, ine ndili kuseri kwa nkhokwe. Ndiye pakamwa panga, pomwe sipanandithandizepo chikwatirireni, panayankha pokha: "Auzeni mayi asadandaule. Zithunzi zonse adzazionera pa TV."

Mmawa mwake ndinatenga negetivi imodzi kupita nayo kokopetsa mapepala. Mnyamata wa pamenepo anaiyika pagalasi, makina analira, ndipo pa kompyuta panatuluka kanthu kakuda ngati usipa wopserera pa chiwaya. Iye ndiye anandiuza kuti sikana ya mapepala imawalitsa kuchokera pansi n'kuwerenga kuwala kobwerera, pamene negetivi imafuna kuwala kodutsa mkati mwake, monga timachitira poyang'ana ndalama yapepala padzuwa. Ndinagwedeza mutu ngati ndinkazidziwa kale.

Usiku ndinagula bandulo n'kuyamba kufufuza. Ndinapeza kuti masikana a filimu alipo a mitundu itatu. Pali aja ooneka ngati a mapepala koma okhala ndi nyali ina m'chivindikiro, monga Epson V600, omwe amatenga tizidutswa tingapo ta filimu nthawi imodzi. Pali ena opangidwira filimu ya 35 mm yokha, monga Plustek OpticFilm 8200i, omwe umakankha chithunzi chimodzichimodzi ndi dzanja. Awiriwa ali ndi luso lina losangalatsa: amaunikanso filimu ndi kuwala kosaoneka ndi maso kotchedwa infrared kuti aone pamene pali fumbi n'kulichotsa okha, ngakhale lusolo siligwira pa filimu zakale zopanda mtundu chifukwa siliva wa m'filimumo amawasokoneza. Zonsezi ndinawerenga mosangalala mpaka nditafika pa mitengo. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo uliwonse wa madola ndimauwerenga nditakhala pansi.

Kenako ndinaona mtundu wachitatu. Kabokosi kangati ka tiyi, kokhala ndi kagalasi koonera, kosafuna kompyuta, kosunga zithunzi pa memori khadi. Pa katoni analemba manambala akuluakulu: 22 megapixel, kutanthauza timadontho 22 miliyoni topanga chithunzi. Ndinawerengetsa. Chithunzi cha filimu ya 35 mm ndi 24 mm mulifupi, 36 mm mulitali, ndipo ukachijambula pa 2400 dpi, kutanthauza timadontho 2400 pa inchi iliyonse, umapeza pafupifupi mamegapikiselo 8. Choncho kabokosi kotchipako kankapereka 22 pamene makina odulawo pa 2400 dpi ankangopereka 8! Ndinadziona wochenjera kuposa azungu onse olemba pa intaneti. Zoti mkati mwa kabokosiko muli kakamera kakang'ono ndi kanyali basi, ndiponso kuti 22 ija amaipeza pofufumitsa chithunzi ngati mandasi a yisiti wambiri, ndinazidziwa ndalama zitapita kale.

Mayi akunyumba anayesa kundiletsa. "Inu abambo, bwanji osakafunsa kaye mdala uja ankatsuka zithunzi? Safunsa anadya phula."

"Mdala uja ndi wa nthawi ya Kamuzu," ndinatero. "Izi ndi za digito."

Ndinatumiza ndalama kwa alamu anga ku Johannesburg, ndipo kabokosiko kanabwera pa basi katakulungidwa m'bulangete. Kanafika Lachisanu. Msonkhano wa banja unali Loweruka. Munthu wanzeru akanayesa kaye usiku womwewo, koma magetsi anathima chakumadzulo, ndipo ine ndinangogona ndi katoni kumutu.

Loweruka la mu Okutobala, dzuwa la ku Salima lija loti ngakhale mbuzi zimakana kuchoka pamthunzi. Tinatulutsa TV pakhonde, anthu anayala mphasa. Kunabwera azakhali ochokera ku Nkhotakota ndi thumba la mpunga, kunabwera oyandikana nawo nyumba osaitanidwa, kunabweranso ankhoswe, mchimwene wawo wa apongozi aakazi, mwini mbumba, munthu woti akatsokomola ana amasiya kusewera. Iwowa anali nkhoswe pa ukwati wa 1984, ndiponso ndi omwe anandilandira ine pamudzi uno. Anakhala pa mpando wokhawo wokhala ndi khushoni.

Ndinavala malaya oyera. Ndinalumikiza waya ku TV, ndinalowetsa negetivi m'kachotengera kake, ndinakankha, n'kudina.

Panali bata la kumanda.

Pa TV panaima anthu asanu ndi mmodzi a nkhope zotuwa mbuu, mano akuda bii, maso ngati makala, onse ali m'dziko lofiirira ngati kukuyaka tchire. Mkwatibwi anali atavala diresi lakuda kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Kamwana kena kanakuwa n'kukabisala m'chitenje cha amake. Azakhali a ku Nkhotakota anaimirira n'kuyamba kupemphera mokweza, akuloza TV. Gogo wina woyandikana nafe anati, "Ndinanena ine kuti zinthu za akufa sasewera nazo," ndipo anapinda mphasa yake n'kumapita, koma anangofika pa mtengo wa mango n'kuima kuti aonebe.

Nkhani yake inali yaing'ono. Kabokosiko kamafuna ukauze mtundu wa filimu, kaya ndi silaidi (filimu yoonetsa chithunzi m'mitundu yake yeniyeni), negetivi ya mitundu, kapena yopanda mtundu. Kanabwera katatcheredwa pa silaidi, choncho kankaonetsa negetivi momwe ilili, choyera chili chakuda, chakuda chili choyera. Koma kuti ndipeze batanilo panapita mphindi khumi, thukuta likuyenderera mpaka m'masokosi, kabuku ka malangizo kali m'zinenero zonse kupatula chomwe ndimamva bwino.

Nditalipeza, mitundu inatembenuka, anthu anaomba m'manja, azakhali anati pemphero lagwira. Diresi linayera. Mkwati anaoneka ali mu suti, akumwetulira. Ndinayamba kupuma.

Apongozi anayang'anitsitsa, kenako ananong'oneza mwana wawo, koma mokweza kuti ndimve: "Afunseni akamwini, mwamuna ameneyu ndi wa yani? Wanga seda ankapesa kumanzere. Wotchi ankavala kumanzere. Uyu zonse zili kumanja."

Wina anaonanso kuti zilembo za pa chitseko cha tchalitchi zikuwerengeka chobwerera. Ndinali nditalowetsa filimu chagada. Negetivi ili ndi mbali yonyezimira ndi mbali yosanyezimira, ndipo ukaitembenuza dziko lonse limakhala ngati la pa kalilole. Ndinaitulutsa, ndinaitembenuza, seda anabwerera kwawo.

Apa ndiye pamene ndikanasiyira. Ndikanati zikomo, tidye mpunga. Koma ankhoswe anaweramira kutsogolo n'kuloza ndi ndodo.

"Akamwini, pamene paima ine apo, pankhope pangapo pali chiyani?"

Panali chuku. Kuno kunyanja chinyezi sichisiya kanthu, ndipo filimu ikakhala zaka 40 m'chitini imamera tindevu toyera ngati pa nsima yogona. Kachigamba kamodzi kanasankha kumera pamphuno pa ankhoswe ndendende.

"Musadandaule, bambo. Kameneko n'kosavuta."

Ndinatulutsa negetivi, ndinaiuzira. Chuku sichinasunthe. Ndinaipukuta ndi nsonga ya malaya. Ayi ndithu. Ndiye ndinaviika mpango m'kapu ya madzi n'kutikita bwinobwino, mbali yosanyezimira ija, mofatsa, monga mayi asukusula mwana. Chuku chinachoka. Ndinasangalala. Ndinabwezera filimu m'kabokosi n'kudina, anthu onse akuyang'ana.

Suti ya ankhoswe inalipo. Tayi analipo. Dzanja lawo linali paphewa pa mkwati. Koma pamwamba pa kolala panali dzenje lakuda, lozungulira bwino ngati pakamwa pa mtsuko.

Mbali yosanyezimirayo ndi imene pamakhala chithunzi chenicheni, kachikopa kopyapyala ka jelatini. Chuku chimadya jelatiniyo n'kuifewetsa, moti ikangokhudza madzi imasungunuka. Izi anandifotokozera mdala wa nthawi ya Kamuzu uja Lolemba lake, akuseka mpaka kutsokomola. Anati negetivi amaigwira m'mbali, fumbi amalichotsa ndi kopopera mphepo kapena kaburashi kofewa, ndipo ya chuku amayamba waijambula kaye momwe ilili asanaganize n'komwe zoitsuka. Anandifunsanso chifukwa chomwe sindinabwere Lachinayi.

Koma pakhonde paja panalibe wofotokoza. Ankhoswe anayang'ana TV, anayang'ana mpango uli m'manja mwangamo, pomwe panali kadontho kofiirira, n'kufunsa mwaulemu woopsa:

"Ndiye kuti nkhope yanga ili pa mpangopo?"

"Mbali ina, bambo."

"Ine ndinakulandirani pamudzi pano. Ndinakupatsani malo omanga. Lero mwandichotsa mutu pamaso pa mbumba yanga."

Mayi akunyumba anathawira kukhitchini, ndipo ndinkamva mapoto akugwedera ndi kuseka kwawo. Mlandu unakambidwa pomwepo, mpunga ukuzizira. Chigamulo chinali tambala mmodzi, woyera, wamoyo, komanso mpango uja unalandidwa. Akuti nkhope ya mwini mbumba singakhale m'thumba la mkamwini.

Anthu atabalalika, ndikukulunga mawaya ndili werawera, mayi akunyumba anabwera n'kuti, "Amayi akuti mubwezeretse chija choyamba."

"Chiti? Cha seda wa kumanja?"

"Ayi. Cha mizukwa."

Ndinaganiza kuti ndi chipongwe, koma ndinatcheranso pa silaidi. Nkhope zotuwa zija zinabwerera. Apongozi anakoka mpando mpaka pafupi ndi TV, anatambasula chala n'kukhudza mutu wa mkwati. Mu negetivi tsitsi lakuda limaoneka loyera, ndipo malemuwo anamwalira imvi isanamere ndi imodzi yomwe.

"Ndiye akanakalamba akanaoneka chonchi," anatero. Anakhala chete pang'ono, kenako kwa nthawi yoyamba chikwatirireni anandilankhula ine mwini, nkhope atalozetsa kumbali. "Akamwini, ichi mukanditsukire chachikulu. Koma mano okhawo muwayeretse. Sankasuta fodya."

Chithunzicho chili pabalaza pawo tsopano, pamwamba pa kabati. Alendo akachiona amayamba adzidzimuka, kenako amafunsa za munthu wopanda mutu waima kumbaliyo, ndipo apongozi amangoloza nyumba yanga. Tambala uja ankhoswe sanamuphe. Amalira mbandakucha uliwonse kuseri kwa zenera langa.